Miyezi Isanu ndi Iwiri Yopanda Jakisoni

"Amayi, khadi la Sabrin lathera pa Febuluwale bwanji?"

Amayi anapitiriza kuyala mikate yaiwisi pa timatabwa, padenga lathu lathyathyathya, kuti ifufume padzuwa. Sabrin, mng'ono wanga, anali atakhala pa sitepe yomaliza yokwerera padenga, beseni la ufa wokanda lili pamiyendo, akupuma wefuwefu ngati wathamangitsidwa ndi galu. Masitepe a nyumba yathu alipo khumi ndi asanu ndi limodzi basi. Ndinamumva akuima kawiri.

Khadilo ndinalipeza m'mawa womwewo m'kabati, pansi pa nsalu zapabedi zatsopano zimene anamugulira za ukwati. Ndi khadi lachikasu, lothaitha m'mbali. Anesi amalembapo tsiku lililonse limene Sabrin wabayidwa jakisoni wa penisilini, kamodzi pa masabata atatu alionse, kuyambira ali ndi zaka khumi. Mizere inali yodzaza bwinobwino mpaka Febuluwale. Apa n'kuti tili mu Seputembala.

"Ndafunsatu," ndinatero.

"Takumvani, adokotala," anatero amayi osacheuka.

Chimalizireni maphunziro anga a zamankhwala mumzinda wa Asyut, kumene ndikugwiranso ntchito mufamasi yogulitsa mankhwala, kwathu amanditcha adokotala pa nthawi ziwiri: akafuna kundinyadira pamaso pa alendo, ndi akafuna kuti nditseke pakamwa.

"Anesi akale aja anapuma pantchito," anatero Sabrin, mawu akuduka pakati. "Panabwera atsopano."

"Ndiye atsopanowo alibe manja?"

"Ndi Karima," anatero amayi. "Mng'ono wawo wa Hajja Zebeida."

Apo ndinamvetsa. Hajja Zebeida ndi mayi ake a Mahrous, mnyamata amene anatomera Sabrin mu Malichi. Ukwati unali utatsala masabata atatu, ndipo n'chimene ndinabwerera kumudzi.

"Ukufuna mwana wanga azikagona pakabedi ka Karima masabata atatu alionse," anapitiriza amayi, "kenako Karima akamwe tiyi kwa mkulu wake osatchula kanthu? Mkazi uja akayetsemula muno, kutauni ku Qena amamupatsa pepani. Mtsikana wa jakisoni sakwatiwa, Hadeer. Mabuku ako sanakuuze zimenezo chifukwa amene anawalemba alibe ana aakazi m'mudzi muno."

"Nanga mtima wake?"

"Anachira. Zaka zisanu ndi zinayi akubayidwa, bwenzi asanachirebe? Taona masaya akewo."

Ndinayang'ana masayawo. Kenako ndinayang'ana akakolo ake, amene anali atatupa mpaka patapata wasiya mzere pakhungu.

Sabrin anadwala zilonda zapakhosi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mwana aliyense m'mudzi muno amadwala zimenezi nyengo yozizira, pamene timagona asanu m'chipinda chimodzi mazenera ali otseka. Mankhwala akenso aliyense amawadziwa. Umapita ku sitolo ya mankhwala ya a Fawzy, n'kunena kuti pakhosi, ndipo iwo amakukulungira mapilisi asanu ndi limodzi amitundumitundu m'kapepala, okwana masiku awiri. Pakhosi pamapoladi. Penisilini wa masiku khumi akanaithetseratu nkhaniyi, koma ndani angamwetse mwana mankhwala masiku khumi pamene wayamba kale kusewera pa tsiku lachitatu? Patatha masabata atatu bondo la Sabrin linatupa. Litaphwa, chinatupa chigongono, kenako kakolo. Anthu anati mwana akukula, ndipo anamupaka mafuta. Mmene ankafika naye kwa dokotala wa mtima ku Qena, mumtima munali mutayamba kale kumveka phokoso losayenera.

Amene anatumidwa kukagula kapepala kaja ndine. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndinathamanga ulendo wonse kuti andiyamikire.

Amayi atatsika kukasonkha moto mu uvuni, ndinakhala pafupi ndi Sabrin.

"Chisiyireni jakisoni, pakhosi panadwalanso?"

"Mu Juni. Pang'ono chabe."

"Unamwa chiyani?"

"Ndimu ndi uchi." Anapukuta ufa pazala. "Ndi kapepala ka kwa a Fawzy."

"Mawondo?"

"Achemwali, inunso mwayamba za apolisi."

"Mawondo, Sabrin."

"Sabata imodzi yokha. Amayi anati ndi chifukwa chogwada pochapa."

M'mawa mwake ndinauza amayi kuti makapu agalasi amene anagula ndi achikale, ndipo abale a Mahrous adzatiseka. Bodza limeneli linagwira ntchito mwachangu kuposa choona chilichonse chimene ndinanenapo m'nyumba imeneyi. Anatipatsa chilolezo chopita ku Qena, natiuza kuti tisankhe okhala ndi mzere wagolide.

Mu minibasi, tikudutsa minda ya nzimbe, Sabrin anandigwira pamkono.

"Musamaone ngati olakwa ndi amayi okha," anatero motsitsa mawu. "Inenso ndinasangalala. Inu simunabayidwepo jakisoni ameneyu. Amalowa ngati simenti. Masiku awiri ndimakhalira thako limodzi ngati nkhuku yothyoka mwendo."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa za m'buku. Komanso Mahrous ndimamufuna. Sanandikakamize munthu. Akamalankhula nane amayang'ana nsapato zake, ndipo zimandisangalatsa."

Mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ali ndi ufulu wokonda mwamuna woyang'ana nsapato.

Dokotala Girgis, amene anamuona Sabrin ali mwana, anali atakalamba koma anamukumbukira. Anamugoneka chammbali, namupaka mankhwala oterera pachifuwa, n'kuyendetsapo kachipangizo kojambulira mtima. Anayang'ana pagalasi nthawi yaitali. Kenako anapempha khadi. Analiwerenga mpaka pansi, nalitembenuza kuti aone ngati mizere ikupitirira kuseri, ndipo anandiyang'ana ine.

"Mwati ndinu a zamankhwala?"

"Ndimakhala ku Asyut," ndinatero. Linali yankho lamanyazi, koma linalo ndinalibe.

"Adokotala," anatero Sabrin akukonza mpango wake, "kachilombo kapakhosi kaja kalowa mumtima?"

"Ayi, mwana wanga. Kachilomboko timakatcha sitirepitokokasi, ndipo sikafika mumtima. Mwinanso kanafa mu Juni momwemo. Vuto ndi lakuti khungu lake limafanana ndi mnofu wa tizitseko ta mumtima mwako, timene timatsegula ndi kutseka kuti magazi asabwerere m'mbuyo. Asilikali a m'thupi mwako anaphunzira kumenya kachilomboko uli mwana. Koma akaona tizitsekoto amayesa ndi mdani yemwe uja, ndiye amatimenyanso. Pakhosi pakadwala, amadzuka onse n'kubwerera kumtima. Ulendo uliwonse amasiya chipsera pamwamba pa chipsera."

"Ndiye jakisoni uja sachiza mtima?"

"Sachiza. Amangotseka pakhomo kuti kachilombo kasabwere kudzawadzutsa. Iwe unatsegula pakhomo miyezi isanu ndi iwiri."

Zonsezi ine ndinkazidziwa. Funso limeneli linabwera pa mayeso a chaka chachinayi, ndipo ndinakhoza bwino kwambiri.

Dokotala anatiuza kuti kachitseko kamodzi kalimba ndipo njira yake yachepa kuposa mmene anaionera zaka ziwiri zapitazo. N'chifukwa chake madzi akudzaza m'mapapo ndi m'miyendo. Analemba mapilisi ochotsa madzi, nalembanso kalata yopita kwa madokotala a maopaleshoni a mtima. Jakisoni anati ayambirenso sabata yomweyo, ndipo abayidwe pamalo pamene pali mankhwala othandizira munthu ngati thupi lakana penisilini. Kenako anaona zibangili zagolide pamkono wa Sabrin.

"Ukwati liti?"

"Masabata atatu akubwerawa."

"Kukwatiwa kwatiwa. Koma mimba ayi, mpaka kachitsekoka katakonzedwa. Mayi woyembekezera magazi ake amachuluka kwambiri, ndipo onsewo ayenera kudutsa pa kanjira kameneka. Ndaonapo atsikana ngati iwe akubwera mwezi wachisanu ndi chiwiri atakhala tsonga, akulephera kugona chagada. Ena tinawapulumutsa. Mnyamatayo akudziwa?"

Sabrin anayang'ana zibangili zake.

"Chabwino," anatero dokotalayo, ngati munthu amene wamva yankho limenelo kambirimbiri.

Potuluka ndinagula botolo la penisilini, masirinji, ndi mankhwala a mwadzidzidzi aja. Makapu tinagulanso, a mzere wagolide.

Bambo tinawapeza pa benchi ya pabwalo atangobwera kumunda, akumwa tiyi, mkanjo uli ndi matope m'munsi. Bambo athu, a Abdel Rady, si munthu wankhanza. Sanatimenyepo, ndipo anagulitsa ng'ombe kuti ine ndiphunzire, abale awo akuwaseka. Anamvetsera zonse mpaka kumapeto, amayi ataima pakhomo. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pepala lili m'pulasitiki.

"Werenga, poti ndiwe wodziwa kuwerenga."

Chinali chikalata cha zaumoyo chimene akwati amayenera kukhala nacho asanalembetse ukwati. Chinali ndi chithunzi cha Sabrin, zidindo ziwiri, ndi mawu akuti alibe matenda alionse olepheretsa banja.

"Anamuyeza ndani?" ndinafunsa.

"Boma."

"Sabrin, unapitako?"

"Zinapita zithunzi," anatero Sabrin.

"Ndiye anayeza chithunzi. Chithunzicho chili bwinodi, bambo. Chikhoza kubereka ana khumi."

"Hadeer," anatero amayi.

Bambo sanakwiye. Anabwezera pepalalo m'pulasitiki mosamala. "Mwana wanga, ine sindikutsutsa dokotala wako. Ukwati ukatha tidzapita naye kulikonse kumene wanena, ngakhale ku Aswan. Akakhala mkazi wa munthu, kudwala ndi chifuniro cha Mulungu ndipo mwamuna amasamala mkazi wake. Koma akadwala lero, ndi katundu wosweka amene tinafuna kuwagulitsa anthu. Zibangili zibwerera, ndipo pakhomo pano sipadzagogodanso munthu. Ngakhale wofuna iweyo."

"Ine ndinasweka kale, bambo. Ndili ndi digiri."

"Uziseka choncho."

"Ukwati ukatha sipadzakhala nthawi. Hajja Zebeida ayamba kuwerenga miyezi tsiku lomwelo. Mwezi wachiwiri ukadutsa opanda kanthu adzamutengera okha kwa dokotala wa azimayi. Mukufuna akamve kumeneko, kapena pamaliro?"

Mawu omalizawo sindinayenera kuwanena Sabrin ali pomwepo. Bambo anaika kapu pansi.

"Amake Montasser," anatero kwa amayi, powaitana ndi dzina la mchimwene wathu, "lankhula ndi mwana wako."

Amayi anali ataona kale kathumba ka ku famasi kamene ndinanyamula. Anakatsegula, naona botolo ndi masirinji, ndipo nkhope yawo inamasuka ngati ya munthu amene wapeza ndalama m'thumba la chovala chakale.

"Si izi nanga? Tikukanganiranji? Umubaye iweyo, m'chipinda, chitseko chotseka. Tinakuphunzitsira chiyani?"

"Nanga ndikabwerera ku Asyut?"

"Uzibwera. Kodi mkulu saloledwa kuchezera mng'ono wake masabata atatu alionse? Anthu aziti mumakondana."

"Nanga mimba?"

"Mimba amapereka ndi Mulungu. Ine ndinabereka asanu ndi mmodzi, wachinayi ndinaberekera m'munda. Palibe anandijambula mtima."

"Mtima wanu unali wabwino."

"Unauona?"

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti nzeru yawoyo inali yotheka. Ndikanatha kumubaya. Ndikanathanso kumupatsa mapilisi olera mobisa, azimwa kubafa kwa apongozi ake ngati wakuba. Zaka zisanu za ku yunivesite zinali zitapeza ntchito yake: kuthandiza banja langa kunama mwaukhondo, ndi thonje ndi sipiriti. Ndipo ndinadziwa kuti ndivomera, chifukwa jakisoni wobisa amaposa kupanda jakisoni.

"Mawa," ndinatero. "Alendo akapita."

Tonse atatu tinali titakambirana za mtima wa Sabrin ngati za pampu ya kumunda, ndipo panalibe anamufunsa.

Alendowo anali Hajja Zebeida, amene ankabwera kudzaona katundu wa mkwatibwi asanamunyamule kupita kwawo. Tinayala zonse m'chipinda cha alendo: mapoto, mabulangete, nsalu zapabedi, matawulo okwanira hotela, mbale zimene palibe adzadyerepo. Anafika dzuwa litapendeka, atavala zakuda, ali ndi Karima pambuyo. Karima anali asanavule nsapato zoyera za kuntchito.

Hajja Zebeida ndi mayi wamkulu thupi, woseka kwambiri, ndipo amawerenga ndi maso. Anapsompsona amayi masaya onse, nanditsina ine patsaya.

"Adokotala athu. Nanga inu liti? Kapena mukudikira nduna?"

"Ndikudikira woyang'ana nsapato, Hajja. Akuti anatha."

Anaseka mpaka kutsokomola, ngakhale sindikukhulupirira kuti anamva. Kenako anayamba ntchito. Anagogoda mapoto ndi chala, anakoka ulusi wa bulangete, anakweza kapu imodzi kuyang'ana kuwala.

"Awa ndiye makapu. Mwagula kuti?"

"Ku Qena, dzulo," anatero amayi. "Anakasankha okha atsikanawa. Tsiku lonse."

"Mkwatibwi ali kuti nanga? Sabrin, mwana wanga, ndamva kuti mikate yako imaposa ya amayi ako. Tanditengera umodzi ndilawe."

Mikate inali padenga, pamene tinaiyala kuti izizire. Ndinanyamuka kuti ndikatenge ine, koma amayi anandigwira dzanja.

"Apempha mkwatibwi," anatero akumwetulira.

Tinamvetsera Sabrin akukwera. Amayi anayamba kukamba za mtengo wa anyezi mokweza mawu. Ine ndinkawerenga masitepe. Anaima pa lachisanu ndi chimodzi, anaimanso pa la khumi ndi chimodzi. Atabwerera, mikate itatu ili pa thireyi, milomo yake inali itachita mdima ndipo mapewa ankakwera ndi kutsika.

"Mwanayu akupuma bwanji?" anafunsa Hajja Zebeida.

"Manyazi," anatero amayi. "Akangomva dzina la Mahrous mpweya umamuthawa."

"Ndi bwino. A masiku ano manyazi alibe." Ananyema mkate, nalawa, nagwedeza mutu mokhutira. Kenako anamukoka Sabrin kuti akhale pambali pawo, namusisita pamimba ndi dzanja lodzaza mphete. "Koma unenepe. Chaka chamawa ngati lero ndikufuna ndikhale nditanyamula mdzukulu. Dzina ndasankha kale, la malemu amuna anga. Mahrous ndi mwana wanga mmodzi yekha wamwamuna, ndiye usandichedwetse. Woyamba, wachiwiri, motsatizana, ukapumule pa wachinayi."

"Mulungu akalola," anatero amayi.

"Mulungu akalola," anatero Karima. Iye sankayang'ana mapoto. Ankayang'ana akakolo a Sabrin.

Ndinatsegula pakamwa. Sindikudziwa chimene ndikanati ndinene, ndipo sindidzadziwa, chifukwa zala za amayi zinalowa m'dzanja langa mpaka zikhadabo. Ankamwetulirabe. Ndinaona kuti amayi ali ndi mantha, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa, chifukwa munthu wamantha ndi wovuta kudana naye. Ndinatseka pakamwa. Botolo la penisilini linali m'chikwama changa kuseri kwa chitseko, likudikira kuti alendo apite.

Sabrin anachotsa dzanja la Hajja Zebeida pamimba pake mwaulemu, naliika pa bondo la mwini wake. Anathira tiyi m'makapu atsopano aja, napereka kwa Hajja, kwa Karima, kwa amayi, ndi kwa ine. Anadikira mpaka mpweya wake utakhazikika.

"Azakhali a Karima," anatero, "kuchipatala mumatsegula nthawi yanji?"

"Eyiti koloko, mwana wanga. Bwanji?"

"Akufuna mankhwala a mutu," anatero amayi msangamsanga. "Hadeer ali nawo m'chikwama."

Sabrin sanawayang'ane amayi, ndipo ine sanandiyang'anenso.

"Mawa ndibwera ndi khadi langa la jakisoni wa mtima," anatero. "Mundibaye inuyo. Mahrous ndiye andiperekeze."